Mbiri ya Makolo ku Chinguluwe: Anakuuzani Ndani?

Ku Chinguluwe funso loti "kwanu n'kuti?" siliyankhidwa ndi mawu amodzi. Munthu amayamba wanena kuti ndi wa konkuno, kenaka n'kuwonjeza kuti amayi ake anachokera ku Dowa, abambo ake ku Ntcheu, ndipo agogo ake ankakonda kutchula za kutsidya kwa nyanja. M'chigwa cha Salima chino, pakati pa mapiri a Dowa ndi nyanja, anthu anafikamo podzera njira zambiri ndiponso pa nyengo zosiyanasiyana, aliyense atasenza mbiri yake. N'chifukwa chake kulondola mzere wa makolo kuno n'kokoma, koma kumafuna munthu wodekha, wosathamangira kuuza anzake zimene iye mwini sanazitsimikize.

Eni nthaka akale ndi Achewa, ana a ufumu wa Maravi umene likulu lake linali ku Mankhamba, pafupi ndi Mtakataka, kum'mwera kwa Salima. Mpaka lero dzina la Kalonga likumveka pakati pa mafumu aakulu a boma lino, pamodzi ndi a Khombedza, Mwanza, Maganga, Pemba, Ndindi, Kambwiri, Kuluunda ndi Makanjira. Cha m'zaka za m'ma 1860 Ayao anayamba kukhazikika m'mbali mwa nyanja, ali ndi mfuti, nsalu ndi malonda a minyanga ndi anthu. Kumapiri a Dowa kunali Angoni a Chiwere, amene nkhondo zawo zinkabalalitsa midzi. Kumpoto, ku Nkhotakota, kunali Jumbe ndi zombo zake zowolotsa akapolo. M'zaka zimenezo mwana ankatha kugona m'mudzi wa amayi ake, mawa lake n'kupezeka ali m'manja mwa alendo, n'kukula akuyankha mfunda wa anthu amene sanam'bale.

Nkhondo zitazirala, kuyenda sikunathe. Amishoni a mpingo wa Dutch Reformed anafika ku Mvera mu 1889, ndipo pamodzi ndi sukulu anabweretsa mayina a ubatizo. Njanji inafika pa Salima mu 1935, n'kukoka antchito ochokera kum'mwera. Amuna ambiri anapita kukagwira ntchito ku Salisbury, ku Bulawayo ndi kumigodi ya ku Johannesburg. Ena anabwerera ndi njinga ndi masutikesi, ena anatchona. Kenaka, kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, kunabwera chitukuko cha ulimi cha m'mbali mwa nyanja m'chigawo chapakati, chothandizidwa ndi dziko la West Germany, ndipo Chinguluwe inatchuka ndi sikimu yake. Tchire linagwetsedwa, minda inapimidwa, ndipo alimi ochokera m'maboma osiyanasiyana anapatsidwa malo oti alimepo thonje ndi mbewu zina. Obwerawo anakwatirana ndi ana a m'midzi yozungulira, ena mwa chikamwini, ena mwa chitengwa. Ana a maukwati amenewo ndiwo makolo ndi agogo a lero, ndipo adzukulu awo ndiwo ayamba kufunsa kuti kodi ife tinachokera kuti.

Funsoli ndi labwino, ndipo ndimakondwa ndikaona wachinyamata atagwira kope akulemba mayina a makolo ake. Chimene chimandidetsa nkhawa ndi liwiro limene mayankho akuyendera masiku ano. Kale mbiri ya banja inali ndi alonda ake. Mwinimbumba ankadziwa kuti bele lalikulu ndi liti, laling'ono ndi liti. Amayi achikulire ankadziwa amene anabala mwana aliyense, amene anamuyamwitsa ndi amene anam'lera. Mbiri inkanenedwa pagulu, pamaliro, pachinkhoswe kapena polonga ufumu, ndipo wonenayo akaphonya, wina ankatsokomola n'kumubweza nthawi yomweyo. Cholakwacho chinkathera pabwalo pomwepo. Lero munthu mmodzi amalemba yekha m'chipinda chake ku Lilongwe, n'kutumiza pa WhatsApp kwa abale onse, ndipo dzuwa lisanalowe zolembazo zafika ku Blantyre, ku Lusaka ndi ku Cape Town popanda wozitsutsa.

Ndinaona zimenezi pamaliro ena kuno. Itakwana nthawi ya mbiri ya malemu, mnyamata wovala bwino anaimirira n'kuwerenga pa foni yake. Anatchula chaka chimene malemu anabadwa kuti ndi 1940, anatchula dzina la amayi awo, n'kunena kuti anali woyamba kubadwa m'banja la ana asanu. Kumbali ya amuna kunali zii, koma kumbali ya amayi kunamveka kung'ung'udza. Madzulo ake, anthu atabwerako kumanda, gogo wina amene anakhala tsonga pamphasa pafupi ndi khomo la siwa anamuitana mnyamata uja.

"Mdzukulu wanga, zimene wawerenga zija anakuuza ndani?"

"Agogo, ndinazipeza pagulu lathu la pa foni. Anatumiza ndi amalume aja ali kunjawa."

"Amalume akowo anachoka kuno akadali mwana. Tamvera. Mayi amene wam'tchula uja sanam'bale malemuyu, anangomulera. Mayi wake weniweni anali mkulu wake wa mayiyo, ndipo anamwalira chaka cha njala, mwana akukwawa. Ine ndinali mtsikana wotha kutunga madzi, ndinkam'bereka ndine."

Mawu ochepawo anasuntha zinthu zitatu. Njala imene gogoyo ankanena ndi ya 1949, choncho mwana wokwawa chaka chimenecho sangakhale wobadwa mu 1940. Mayi anasintha. Bele nalonso linasintha, chifukwa malemuyo sanali woyamba wa bele laling'ono koma mwana yekhayo wa bele lalikulu, ndipo kwa Achewa nkhani imeneyi si yaing'ono. Koma pamene gogoyo ankalankhula, mapepala a mwambo wa maliro anali atasindikizidwa kale ndi kugawidwa, ndipo zithunzi zake zinali zitapita kutali. Safunsa anadya phula.

Mnyamatayo sananame dala, ndipo amalume akewo sananame. Anagwa m'mbuna zimene aliyense wolondola mbiri ya makolo kuno ayenera kuzidziwa. Yoyamba ndi ya chibale chathu. Kwathu mng'ono kapena mkulu wa amayi ndi amayi, mchimwene wa abambo ndi abambo, ndipo ana awo ndi abale athu, osati anthu apadera. Mkulu akanena kuti "uje anali mwana wa uje," wolemba afunsenso kuti kodi anali wobala yekha, wa mng'ono wake, kapena wongolera. Kufunsa kotere si mwano. Akuluakulu amayankha bwino akaona kuti wofunsayo akufuna kumvetsa.

Mbuna yachiwiri ndi ya mayina. Munthu mmodzi ankatha kukhala ndi dzina la paubwana, lina la kuchinamwali, kudambwe kapena kujando, lina la ubatizo kapena la Chisilamu, ndi linanso limene analembetsa kwa mzungu popita ku Wenela, mwina pogwiritsa ntchito chitupa cha mbale wake. Wolemba wosasamala amasandutsa munthu mmodziyo kukhala anthu atatu. Komanso pali kulowa dzina: mfumu ikamwalira, wolowa m'malo mwake amatenga dzina lomwelo, ndipo pofotokoza zakale amatha kunena kuti "ine ndinabwera pano kuchokera kwakuti," pamene akunena za malume a malume ake. Apa ndiye anthu atatu kapena anayi amasanduka munthu mmodzi wokhala ndi moyo zaka zoposa zana limodzi ndi theka. Mfunda nawo umasokoneza. M'mabanja ena unkatsata kuchikazi, m'mabanja ena kuchimuna, ndipo ena anautenga kwa anthu amene anawalandira pothawa nkhondo. Kukhala Phiri sikutanthauza kuti munthu ndi wa m'nyumba ya Kalonga, ndipo a Banda awiri okumana pamsika wa Kamuzu Road sangathamangire kunena kuti agogo awo anali mmodzi.

Mbuna yachitatu ndi ya zaka. Makolo athu sankasunga zaka ndi manambala, ankazimangirira ku zochitika, ndipo njira imeneyi ndi yodalirika kuposa mmene achinyamata ambiri amaganizira. Angoni ankasimba kuti tsiku limene Zwangendaba anawoloka Zambezi dzuwa linada masana. Akatswiri atawerengetsa za kadamsana anapeza kuti zinachitikadi mu Novembala 1835. Ifenso tili ndi zikhomo zathu. Nkhondo ya Chilembwe ndi 1915. Chimfine chachikulu chimene chinapha anthu ambiri chinadza mu 1918 ndi 1919. Sitima ya Vipya inamira mu 1946, ndipo Ilala inayamba kuyenda panyanja mu 1951. Ufulu ndi 1964, ndalama ya kwacha inalowa m'malo mwa paundi mu 1971, ndipo ulendo wa ku Wenela unaimitsidwa mu 1974 ndege itagwa ku Francistown n'kupha amuna athu ambiri obwerera kumudzi. Chivomerezi chimene chinagwetsa nyumba kuno ku Salima chinachitika pa 10 Malichi 1989. Gogo akanena kuti "ndinatha msinkhu njanji itafika kale" kapena "ndinali ndi pakati pa uje chaka cha chivomerezi," wapereka umboni wolimba. Chofunika n'kufunsa kuti njala yake iti, pakuti ya 1949 si ya 2002, ndipo dzombe silinabwere kamodzi kokha.

Ena amaganiza kuti mankhwala a zonsezi ndi pepala, ngati kuti cholembedwa sichinama. M'nyumba zambiri zakale za kuno muli sutikesi yachitsulo pansi pa bedi, ndipo mukaitsegula mumamva fungo la nsalu zosungidwa nthawi yaitali. Pansi pa nsaluzo mumapezeka chitupa cha msonkho chofiirira ndi ukalamba, kalata ya ubatizo yopindidwa kanayi, khadi la chipani, malisiti a thonje a ku ADMARC, mwinanso kalata yochokera kumigodi yolembedwa ndi pensulo. Zimenezi ndi chuma, ndipo aliyense amene ali nazo azisunge pouma, azijambule, asazipereke kwa ana kuti akutire makope. Koma pepala lililonse linalembedwa ndi munthu, pa chifukwa chake. Kalaliki wa msonkho ankangoyang'ana thupi la mnyamata n'kuganizira zaka zake. Kusukulu mwana ankayesedwa ngati dzanja lake lingadutse pamutu n'kugwira khutu la mbali ina. Ambiri anachepetsa zaka kapena kusintha dzina kuti abwereze Sitandade 8. Pa kalembera wa chiphaso cha unzika mu 2017, okalamba ambiri amene analibe kalata yobadwira anatchula chaka chongoyerekeza, ndipo lero chakacho chili pa khadi looneka ngati losatsutsika.

Ngakhale munthu wodziwika kuposa onse m'dziko muno sanapulumuke ku vutoli. Kwa zaka zambiri dziko linkakondwerera kubadwa kwa Dr Hastings Kamuzu Banda pa 14 Meyi, ndipo chaka cholembedwa chinali 1906. Koma ofufuza mbiri yake, monga Philip Short amene analemba buku la moyo wake mu 1974, anaona kuti chakacho sichikugwirizana ndi nthawi imene iye anali pasukulu ndiponso imene ananyamuka wapansi kupita kum'mwera, ndipo analoza cha m'ma 1898. Pamene anamwalira ku Johannesburg pa 25 Novembala 1997, ambiri anavomereza kuti anali ndi zaka pafupifupi 99. Ngati chaka cha mtsogoleri wa dziko chinatha kuphonyeka ndi zaka zisanu ndi zitatu, nanga cha agogo athu amene sanalembedwepo m'nyuzipepala?

Amene analemba mbiri ya Achewa mwaluso anadziwa kuti pakamwa ndi pepala ziyenera kuyesana. Samuel Josia Nthara, mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma, anasonkhanitsa zonena za akuluakulu n'kulemba Mbiri ya Achewa m'zaka za m'ma 1940. Bukulo litamasuliridwa m'Chingerezi mu 1973, linatuluka ndi ndemanga za Harry Langworthy zoyerekeza zimene Nthara anamva ndi zimene ena anapeza. Kings Phiri anayenda m'midzi ya m'chigawo chapakati kufunsa akuluakulu, ndipo ntchito yake ya mu 1975 inali yokhudza mmene mbiri ya pakamwa ingagwiritsidwire ntchito mosamala. Yusuf Juwayeyi anakumba pansi ku Mankhamba n'kupeza mikanda, mkuwa ndi zidutswa za mbale zochokera ku China, umboni woti likulu limene makolo ankasimba linalidi pamenepo ndipo linkachita malonda ndi maiko akutali. Buku lake linatuluka mu 2020. Onsewa sananyoze mawu a akuluakulu, komanso sanawameze osatafuna.

Pali phunziro lina limene buku la Nthara limatisiyira. Popeza linawerengedwa kwambiri, mkulu wina akhoza kukufotokozerani za ulendo wa Achewa mwadongosolo lokoma, inu n'kuganiza kuti anamva kwa agogo ake, pamene akubwereza zimene anawerenga ali mnyamata. Zomwezo zikuchitika ndi mafoni. Mukafunsa abale atatu n'kupeza yankho limodzi, musafulumire kukondwa. Afunseni kumene anazimva, mwina onse anawerenga uthenga umodzi womwewo. Mboni zitatu zimene zinatunga pachitsime chimodzi ndi mboni imodzi. Umboni weniweni umapezeka pamene akuchikazi ndi akuchimuna, ofunsidwa padera, pa masiku osiyana, anena zofanana, kapena pamene mawu a gogo agwirizana ndi kaundula wa kumpingo amene gogoyo sanamuonepo.

Malo ofunsako alipo. Mipingo yakale inasunga mabuku a ubatizo ndi a maukwati, ndipo mbusa kapena wansembe akapemphedwa mwaulemu amatha kuthandiza. Kumizikiti kuli mashehe ndi akuluakulu odziwa mabanja a m'mbali mwa nyanja. Anyakwawa ali ndi makaundula a anthu awo, ndipo ndi iwo amene angaloleze munthu kukaona ziliza kumanda, pakuti kumanda sikupitidwa mwachisawawa. Ku Zomba kuli nyumba yosungira zolembedwa zakale za boma, imene inatsegulidwa mu 1947, ndipo muli mabuku amene mabwanamkubwa a m'maboma ankalembamo za mafumu ndi midzi. Wopita kumeneko adziwe kuti zambiri za zaka zoyambirira za ulamuliro wa atsamunda zinapsa pamene moto unawononga maofesi aakulu a boma ku Zomba mu 1919. Adziwenso kuti mzungu wolembayo ankamva kudzera mwa womasulira, ndipo wofotokozayo nthawi zina anali ndi chifukwa chokwezera nyumba yake. Buku la ku Zomba ndi mboni imodzi mwa mboni zina, si woweruza.

Wina angafunse kuti kuvutika konseku n'kwa chiyani, popeza akufa anapita. Yankho lake n'lakuti mbiri ya makolo kuno imagwira ntchito pakati pa amoyo. Ufumu umalongedwa potsata bele, ndipo milandu ya ufumu yagawa midzi yambiri m'dziko muno mpaka kukafika kukhoti. Munda umatetezedwa ndi mawu oti "pano analima agogo anga," ndipo chikhazikitsireni lamulo la malo a makolo la 2016, limene limalola mabanja kulembetsa malo awo, mawu amenewa akulemera kwambiri. M'dera ngati lino, kumene ena anapeza malo kudzera kwa mfumu ndipo ena kudzera ku sikimu, chaka chimodzi cholakwika chikhoza kusandutsa mwini munda kukhala wobwera. Ukwati nawo umayamba ndi ankhoswe kufunsana ngati anawo si pachibale. Pepala lolembedwa mwachibwana lero likhoza kutulutsidwa pabwalo la milandu zaka makumi awiri zikubwerazi, wolembayo atamwalira, ndipo adzukulu adzalikhulupirira chifukwa chakuti ndi lakale.

Palinso mbiri zopweteka. M'mabanja ena mumanong'onedwa kuti gogo wakutiwakuti anagulidwa ndi nsalu, kapena anaperekedwa ngati dipo la mlandu, kapena kuti mwana wakuti sanali wa bambo amene anam'lera. Zina mwa izi n'zoona, chifukwa nthawi ya ukapolo inadutsadi m'chigwa chino. Zina zinapekedwa pa mkangano wa ufumu kapena wa munda pofuna kutsitsa bele lina. Kutumiza nkhani yotere pagulu la abale musanaitsimikize ndi kuvulaza anthu amoyo, ana asukulu amene mawa adzatonzedwa ndi anzawo. Ngakhale itatsimikizika, iyambe yakambidwa ndi eni ake ndi akuluakulu a banja, pakuti si choona chilichonse chimene chili chanu kuti muchiulutse.

Choncho inu amene mwayamba kulemba mbiri ya banja lanu, pitirizani, ndipo fulumirani kukacheza ndi okalamba akadali moyo. Pitani nokha, khalani pansi, funsani mofatsa, ndipo mubwererenso tsiku lina kukafunsa zomwezo. Pambali pa dzina lililonse ndi chaka chilichonse lembani amene anakuuzani, tsiku limene anakuuzani, ndiponso ngati anaona ndi maso kapena anangomva. Pamene awiri asiyana, lembani zonse ziwiri, musasankhe yokukomerani. Pamene palibe akudziwa, siyani mpata. Mdzukulu wanu adzatha kudzaza mpata, koma bodza lolembedwa pa chiliza adzalitenga ngati choona. Mukamaliza, musanatumize kwa aliyense, kawerengeni mokweza pamaso pa mwinimbumba ndi amayi achikulire a mbali zonse ziwiri, kuti wofuna kutsutsa atsutse mukadali pomwepo. Ndipo nanunso mukalandira mbiri ya banja pa foni, musanaipatsire wina, yambani mwafunsa wotumizayo kuti anamuuza ndani.